Masipeya Awiri pa Siteji Imodzi

Anzanga, inu mumandiona m'tchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo, nyimbo ikayamba n'kumangoyendetsa milomo, ndiye mumayesa ndinabadwa wopanda mawu eti? Mawu ndinali nawo ine, tenala weniweni woti amayi a kutsogolo ankatembenuka. Chinanditseka pakamwa ndi Loweruka lina m'nthawi ya Chitaganya. Lero ndikuuzani, koma wofuna kuseka asekere kumbali.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wamng'ono pa kampani ina ya fodya ku Limbe, ndikukhala chikamwini ku Chilobwe, pamalo pa apongozi anga aNambewe, amayi ake a mkazi wanga Esinati. Zaka ziwiri ndili pakhomopo, nkhope ya apongozi ndinali ndisanaionepo bwinobwino. Ndinkawadziwa ndi zidendene ndi katsokomoledwe. Mwambo unali wotero: mukakumana panjira wina apatukire kutchire, ndipo mawu alionse adzere mwa Esinati. Ukafuna kubwereka nkhwangwa, "Esinati, kawauze amayi andibwereke nkhwangwa," iwo ali pomwepo akusola chimanga, akumva zonse.

Ndiye kuntchito kunapezeka nyumba ya kampani, ya njerwa, ya malata, zipinda ziwiri. Kapitawo anandiuza mosapsatira kuti nyumbayo ndi ya munthu wokhala ndi mkazi wake, mwezi ukatha ndisanabwere naye Esinati, makiyi apita kwa wina. Ndinatuma nkhoswe wanga kukapempha chitengwa kwa a Kamwendo, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba. A Kamwendo anati yankho adzapereka Lamulungu lotsiriza la mweziwo, tikaweruka mapemphero. Mtima wanga wonse unali pa Lamulungu limenelo, moti ndinkayenda monyang'ama pakhomopo, ngakhale nkhuku ya apongozi ndinkaipatukira.

M'miyezi yomweyo kumpingo kwathu kunabwera aphunzitsi a Mhango, ochokera kumpoto, munthu wa changu chambiri koma wosadziwa kuti kuno ndani ndi mbale wa yani. Iwowa analemba sewero loimba lokhalokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe kulankhula. Linali la mtchona wina amene akubwera kuchokera ku Joni atadzaza matama, n'kutukwana nkhalamba yogulitsa nthochi pasiteshoni ya Limbe, osadziwa kuti ndi azakhali ake amene anamulera. Nyimbo ya pasiteshoni ija inali yakupha munthu. Inkakwera katatu, ndipo kachitatuko unkafika pa "la" wam'mwamba n'kumugwira mpaka dona wa ku mishoni, amene ankatiimbira limba, atagwedeza mutu. Woimba mbali ya mtchonayo anali Edisoni Likongwe, chimunthu chachitali, cha chifuwa ngati mgolo.

Poti nyimboyo inkasasitsa mawu, aphunzitsi anati mbali zikuluzikulu zikhale ndi munthu wodikirira pambali. Ife tinkangoti sipeya, ngati tayala lija la kumbuyo kwa lole. Atafunsa kuti ndani akhala sipeya wa Edisoni, ine dzanja m'mwamba msangamsanga. Mukudziwa chifukwa chake? Loweruka lililonse sipeya ankakhala pabenchi m'holo, miyendo atapingasa, akumwa tiyi wa dona, pamene akamwini anzake akuswa mphanje. Ndipo Edisoni chibadwire anali asanadwalepo ngakhale chimfine. Ndinati apa ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Nyimbo ndinaziloweza ndithu, ndinkaziimba panjinga popita ku Limbe, koma pasiteji sindinapondepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsoka silinunkha. Sewero linali Loweruka masana, mawa lake ndiye Lamulungu la yankho langa lija. Ndikuweruka kuntchito cha m'ma thwelofu, ndinangoona aphunzitsi a Mhango pageti, njinga ili pansi, tayi ali paphewa.

"A Fanuwelo, mwapezeka! Edisoni wapita ku Chiradzulu, amalume ake amwalira m'mawa uno. Lero mtchona ndinu."

"Ine? Aphunzitsi, bwanji osangosintha tsiku?"

"Tisinthe bwanji? Chilolezo cha kwa DC n'cha lero lokha, ndipo dzuwa likamalowa holo ikhale yotseka. Kwerani njinga!"

Masiku amenewo anthu akuda mukasonkhana oposa ochepa, boma linkayamba kununkhiza ndale, ndiye chilolezo sichinali chinthu choseweretsa. Ndinakwera njinga. Njira yonse m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi, "la" wam'mwamba uja. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mayi amene ankasewera nkhalamba ya nthochi anali mayi ake aang'ono a Edisoni yemweyo, ndiye kuti maliro awatenga onse awiri. Koma kodi zinandifika m'mutu kuti ndifunse kuti nanga nkhalamba lero akhala ndani? Ayi ndithu. Azimayi ankaphunzira mbali zawo Lachinayi masana ife tili kuntchito, ndipo sipeya wa kumeneko sindinamuonepo.

Cholakwa choyamba chinali mazira. Edisoni asanaimbe ankameza mazira awiri aawisi, amati amasalaza kukhosi. Ine ndinati ngati mwini wake ameza awiri, sipeya ameze anayi. Ndinawagula pamsika, n'kuwameza kuseri kwa holo motsatizana, lachinayilo linatsika monyinyirika.

Chachiwiri chinali zovala. Suti ya mtchona anasokera Edisoni. Ine kuivala, manja a jekete anafika kumapeto kwa zala, thalauza ndinachita kumanga ndi luzi, nsapato ndinaikamo nyuzi koma zinkangoti kwapu kwapu. Chipewa ndiye chinatsika mpaka m'zikope, moti kuti ndione munthu kumaso ndinkachita kukweza chibwano ngati nkhuku ikumwa madzi.

Nditasuzumira pachinsalu, mayo ine! Holo yadzaza, ena akhala m'mawindo, wapolisi waima pakhomo. Mzere woyamba azungu a ku mishoni, ndipo mzere wachiwiri, pakati penipeni, a Kamwendo atavala jekete lawo lakuda, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndinadziuza kuti Fanuwelo, lero ndiye uwaonetse kuti mbumba yawo inakwatiwa ndi munthu.

Poyamba zinayenda bwino, musaganize kuti ndinali mbuli. Ndinatsazika anzanga a kumgodi, ndinakwera sitima ya mabenchi, anthu anawomba m'manja, mpaka ndinayamba kuyenda monyada ngati ku Joni ndinapitako. Esinati anali m'gulu la oimba, akusewera ngati mmodzi wa apaulendo, kamtolo kali pamutu. Ndinaona akundigwedezera dzanja, maso atatong'ola, milomo ikunena chinachake, chala chikuloza kuseri kwa chinsalu. Ine ndinati onani mkazi wanga akundinyadira. Ndinamuvulira chipewa n'kumumwetulira. Iye anagwira kumutu ndi manja onse, kamtolo kanagwa.

Tsono pasiteshoni. Nkhalamba yakhala pansi pakati pa siteji, yafunda nsalu kumutu, yawerama, lichero la nthochi lili patsogolo. M'buku la aphunzitsi munalembedwa kuti mtchona afike, amenye theche licherolo, aloze nkhalambayo chala pamphuno, n'kuyamba nyimbo. Ndinafika mwamphamvu zanga zonse, chipewa chili m'maso, ndi kulipatsa theche. Nthochi mbwee! Nsapato ya Edisoni inavuka, inazungulira m'malere, n'kukatera pamiyendo pa nkhalambayo. Nkhalamba inatsokomola.

Anzanga, chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Ndinkachimva m'mawa uliwonse kuseri kwa nkhokwe. Ndinakweza chibwano pang'onopang'ono, nayonso nkhalamba inakweza mutu, nsalu inatsetsereka, maso athu anakumana. Apongozi! Sipeya wa nkhalamba anali aNambewe.

Sindinaganize kanthu, thupi linachita lokha. Chipewa m'manja, ine nyonyomalu, nkhope kukhoma, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu. Apongozi nawo anatembenukira khoma linalo, nsalu kumaso. Ndiye taganizani, mtchona wamatama wa ku Joni wanyonyomala ndi nsapato imodzi, nkhalamba yamufulatira, pakati pali nthochi. A ku Chilobwe amene ankatidziwa anayamba kuseka chamumtima, kenaka anauza oyandikana nawo, nkhani inayenda benchi ndi benchi mpaka holo yonse inaphulika. Azungu okha ndiwo anali chete, akuyang'anana.

Dona analiza poyambira nyimbo, n'kudikira. Zii. Analizanso mokweza, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Zii. Kuseri kwa chinsalu aphunzitsi ankanong'ona mokuwa.

"A Fanuwelo, mwathyoka mwendo? Imirirani! Lozani chala!"

"Ndi apongozi!" ndinatero chapansipansi.

"Ndi azakhali, werengani bwino! Imbani!"

Apa ndinasowa mtengo wogwira. Ndikaimba, ndatukwana apongozi pamaso pa Chilobwe yense, chitengwa chapita. Ndikapanda kuimba, ndaononga sewero la mpingo pamaso pa a Kamwendo, omwe anali mkulu wa mpingo, chitengwa chapitanso. Nzeru inandibwerera yoti ndiimbe koma chala chiloze kwina. Ndinaimirira, ndinatembenukira kwa anthu, ndinatsinzina, ndinatambasula dzanja, n'kutulutsa mawu onse:

"Choka panjira, nkhalamba iwe, nsapato zanga n'za ku Joni!"

Kutsegula maso, chala changa chili ndendende pamphuno pa a Kamwendo. Iwo anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli nkhalamba ina, anapeza kuli ana a sukulu. Anabwezera nkhope kwa ine, n'kusuntha ndodo kuchoka dzanja ili kupita linalo. Ndinanyonyomalanso.

Dona, poona kuti munthu wayamba kuimba, sanafune kuimanso, anangopitiriza kuzunguliza nyimbo ija. Ine thukuta lili chuchuchu, mazira ayamba kuyendayenda m'mimba. Ndiye m'chipwirikiti chimenecho ndinachita chimene ndinkachita tsiku lililonse kunyumba ndikafuna kulankhula ndi apongozi. Ndinaitana mkazi wanga, koma moimba, motsata limba:

"Esinati, kawauze amayi achoke panjira, nsapato zanga n'za ku Joni!"

Esinati anatuluka m'gulu la apaulendo, anadutsa pakati pa nthochi, anagwada pafupi ndi amayi ake, n'kuimba kuti: "Amayi, akuti mwaswera bwanji."

"Makutu ndili nawo, ndamva ndekha!" Apongozi anayankha moimba, ndipo ine ndinadzidzimuka. Zaka ziwiri pakhomo limodzi, sindinkadziwa kuti mayi aja ali ndi aluto yotere, yodzaza holo mpaka kudenga. "Kawauze amuna ako kuti nsapato za ku Joni sizidyedwa, atole nthochi zanga!"

Amenewo anali mawu a m'buku, kupatula "amuna ako". Aphunzitsi ndinawamva akupuma. Ine ndinayamba kutola nthochi chokwawa, ngakhale m'buku mtchona satola. Esinati ankangoyenda, uku agwade, uku aime, kunyamula chitukwano kuchoka kwa ine, kukafika nacho chitasanduka moni, kubwera ndi yankho. Anthu ankagwa m'mabenchi. Wapolisi uja anasiya khomo n'kusendera kutsogolo, kaya ankaona ngati ndi ndale zobisika, kaya nayenso anali mkamwini kwinakwake.

Kenaka ndinamva mawu amene sindinawalowezepo.

"Kawafunse amuna ako, denga la khitchini lija anati afolera chaka chatha, udzu wake ukumera kodi?"

Kuseri kunamveka mapepala akutembenuzidwa mofulumira. "Zimenezo zili patsamba liti?" aphunzitsi ankafunsa aliyense. Ine mutu unazungulira. Kodi tili pasiteshoni ya Limbe kapena pabwalo la milandu? Ndine mtchona kapena Fanuwelo? Ndiyankhe za m'buku kapena za denga? Ndinayankha kuti ku Joni kulibe udzu. Apongozi anati nanga Loweruka lililonse ndimakamwa tiyi ku Joni komweko? Holo inaliza nthungululu, ndipo ndinaona a Kamwendo akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva umboni.

Tsono nyimbo inafika pokwera kachiwiri, ndipo apongozi anatsitsa mawu. Sanatembenuke, anali chifulatire, nsapato ya Edisoni ili m'manja mwawo.

"Kawafunse amuna ako, akanditengera mwana ku Limbe, ndikadwala ndidzaitana yani? Ndinabereka asanu, manda anandisiyira mmodzi."

Kuseka kunatha ngati wathira madzi pamoto. Esinati sanabwere nawo uthengawo, anangokhala chigwadire, misozi ili mbwembwembwe. Ine za ana anayiwo ndinkazidziwa, koma ndinali ndisanazimvepo kuchokera pakamwa pa mwini wake, ndipo kunena zoona pa nkhani yonse ya chitengwa ndinkangoganiza za malata ndi njerwa, mayi aja sindinawaganizireko ndi kamodzi komwe. Manyazi anandigwira, chisoni chinandigwira, ndipo nthawi yomweyo limba linayamba kukwera kachitatu, dona akundikodola ndi chibwano kuti nthawi yako ndi ino. Mawu a m'buku pamenepo anali chitukwano chachikulu kuposa zonse. Sindikanatha. Ndinatsegula pakamwa osadziwa chimene chituluke, ndipo chinatuluka ndi ichi:

"Nyumba ya ku Limbe ili ndi zipinda ziwiri, chimodzi n'chanu, amayi!"

Pa "amayi" pamenepo ndi pamene panali "la" wam'mwamba. Munayesapo kuimba mawu okwera mutanyonyomala, lamba wa luzi atakumangani pamimba, mazira anayi ali m'kati? Ndinamufika "la" uja, ndikulumbira ndinamukhudza ndithu, koma anang'ambika pakati ngati tambala wophunzira kulira, ndipo pambuyo pake panatsatira kugeya kumene anakumva ndi a m'mawindo omwe. Dona anachotsa manja palimba n'kuvula magalasi.

Holo inagwa. Ena akuseka, amayi ena akupukuta misozi uku akuliza nthungululu, ine osadziwa kuti akusekerera nyumba kapena akuseka mazira. Aphunzitsi, pofuna kupulumutsa kanthu kamodzi ka m'buku mwawo, anakuwa kuti, "Khutu! Khutu!" chifukwa pamapeto nkhalamba imayenera kumukoka khutu mtchona. Apongozi sakanandikhudza, ndiye anangoti, "Esinati, ndigwirire ntchitoyo." Mkazi wanga anaigwira ndi mtima wonse. Anandizungulitsa siteji kawiri, nsapato imodzi ili kwapu kwapu, mpaka chinsalu chinatsekedwa.

Kuseri ndinamufunsa kuti bwanji sanandiuze kuti amayi ndi sipeya. "Munandifunsa? Inu munkati Edisoni sadwala, amayi ankati mayi ake aang'ono a Edisoni sadwala, ine ndivutikirenji? Ndipo lero ndakukodolani mpaka dzanja kuwawa, inu n'kumandivulira chipewa!"

Mawa lake titaweruka mapemphero tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndi nkhoswe wanga pamphasa, a Kamwendo pampando, apongozi ndi Esinati kuseri kwa nkhokwe. Ndinali nditatsanzikana nayo kale nyumba ija mumtima. A Kamwendo anayeretsa kukhosi nthawi yaitali.

"Nkhani yanu taiona. Mkazi mutenge, chitengwa tavomera."

Ndinawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ndinkafuna kuvina.

"Tsono ngolo ibwera liti? Alongo anga amanga kale katundu wawo."

"Katundu wa yani, bambo?"

"Wa eni chipinda chachiwiri."

Ndinayang'ana nkhoswe wanga, iye anayang'ana nyerere. "Bambo," ndinatero, "zija zinali zasewero."

"Ayi, tisiyanitse bwino," anatero a Kamwendo. "Lichero lija munamenya, n'zasewero. Chala chija munandiloza n'kunditcha nkhalamba, chinandiwawa, koma ndapita kwa aphunzitsi m'mawa uno, andionetsa, mawuwo alimo m'buku, ndiye si anu, ndakukhululukirani. Koma za zipinda ziwiri tafufuza tsamba ndi tsamba, mulibe. Amenewo ndi mawu anu, ndipo mboni ndi holo yonse, ndi wapolisi yemwe."

Pomwepo Esinati anatulukira kuseri kwa nkhokwe, anagwada, nkhope ili pansi kubisa kuseka.

"Amayi akuti athokoza chipinda. Koma akuti ulendo wina mukafuna kukwera pamwamba paja, muziyamba mwakoka mpweya."

Basi, tinasamuka atatu. Nyumba ya kampani ija inali ndi khomo limodzi, anzanga, limodzi lokha, ndipo chipinda cha apongozi ndicho chinali cha kukhomoko. Mkamwini upatukira kuti m'nyumba yotero? Anzanga a kuntchito ankadabwa kuona kalaliki wa tayi akutulukira pawindo m'mawa uliwonse, njinga atamupatsira mkazi wake pakhomo. Tinakhala choncho zaka khumi ndi zinayi. Ana athu onse analeredwa pamsana pa mayi amene aja, ndipo tsiku limene tinawaika m'manda mayiwo, amene anachita kugwiridwa ndi anthu awiri sanali Esinati, ndinali ine.

Koma kuimirira munthu ndiye ndinalapa. Kaya ndi pa ukwati, kaya pa mlandu, kaya ndi kungogwirira mnzanga malo pamzere wa basi, munthu akati Fanuwelo tandiimirira, ndimayamba ndafunsa kuti mbali inayo kwakhala ndani, ndipo avule nsalu kumutu ndimuone.